Thumbi: chilumba chopanda mudzi chomwe nsomba zake zina n'zobwera

Funso

Ndimaphunzitsa sitandade 7 pa sukulu ina ku Ntcheu. Mu Okutobala tinapita ndi ana ku Cape Maclear, ndipo tinakwera boti mpaka pa chilumba cha Thumbi. Woyendetsa boti anaimba likhweru, nkhwazi inatsika n'kutola nsomba imene anaponya, ana anasuzumira tinsomba tamawangamawanga m'miyala, basi tinabwerera. Tili m'basi mtsikana wina anandifunsa kuti, "Madamu, malo okongola chonchija bwanji palibe nyumba ngakhale imodzi? Anthu anathamangitsidwa, kapena pali mizimu?" Ndinangoti ndi lamulo la boma, koma mtima wanga sunakhale m'malo. Kodi mbiri ya chilumbachi ndi yotani, nanga kupatula nkhwazi pamakhala zamoyo zanji? Chaka chamawa ndikufuna kupitanso ndi kalasi ina.

Yankho

Aphunzitsi, simunamunamize mwanayo, kungoti munamugwiritsa mchira wa nkhani, mutu wake n'kutsala. Lamulo lilipodi, koma ndi ladzulodzuloli, la mu 1980, ndipo linapeza chilumbacho chili kale chopanda mudzi. Ine ndakhala ndikumira m'madzi ozungulira chilumbachi kwa zaka zambiri powerenga nsomba, ndiye mundilole nditambasule.

Tiyambe tamvana za dzina. Zilumba za Thumbi zilipo ziwiri. China chili pakhomo pa doko la Monkey Bay, pa mapu amalemba Thumbi East. Chimene munapitako inu, choyang'anizana ndi mudzi wa Chembe, ndi Thumbi West. Zonse ziwiri zili m'gulu la zilumba 13 za mu Lake Malawi National Park, pamodzi ndi Domwe, Mumbo, Boadzulu, zilumba za Maleri, ndi tina tomwe ndi miyala chabe yotumphukira pamadzi.

Mukadzabwereranso, musanakwere boti, mudzawaimike anawo pa mchenga wa pa Chembe n'kuwafunsa kuti mudzi wa asodzi umafuna chiyani. Mayankho adzawaona ndi maso awo. Pafunika gombe la mchenga lokokerapo mabwato mphepo ikalusa. Pafunika bwalo loyalapo ukonde wa chilimira kuti asoke pong'ambika, malo okhomapo mathandala oyanikira usipa, kamunda ka chimanga kuseri, pena pokumba chimbudzi, pena poika maliro. Akatha kuwerenga zimenezo mudzawatembenuzire ku Thumbi. Chilumbacho ndi phiri lomira theka. Matanthwe aakulu ngati nyumba asanjikizana kuchokera pansonga mpaka pansi pa madzi, ndipo dothi lake ndi lija lodikha m'ming'alu, lokwanira muzu wa mtengo koma osati khasu. Ngakhale pokocheza boti pamachita kufunafuna. Kuwonjezera apo chili pafupi kwambiri, moti wopalasa bwato amapita ndi kubwerera dzuwa lisanatenthe. Ndiye munthu amangirenji nyumba pamwala pomwe angathe kukawedza kumeneko m'mamawa n'kudzadyera nsima kwawo masana? Zilumba zomwe zili ndi midzi, monga Likoma, Chizumulu ndi Chisi ya ku Chilwa, zili ndi magombe ndi minda, ndipo Likoma ndi Chizumulu zili kutali moti wofuna nsomba za kumeneko amayenera kukhazikika konko.

Za mizimu musazikankhire pambali ngati funso lachibwana, chifukwa pa nyanja yathu yomweyi chilipo chilumba chimene mwambo ndiwo umachilamulira. Ndikunena Mbenji, ku Salima. Kuyambira cha m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka chilumbacho dzinja lonse, kuchokera mu Disembala mpaka cha mu Epulo, aliyense n'kuchokapo, ndipo potsegula pamakhala mwambo. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, akazi sapondapo. Lamulo la akazilo ine sindigwirizana nalo, koma sindingakane kuti utaka wa ku Mbenji ukadalipo wonenepa pomwe madoko ambiri akulira. Kumeneko ndiye mwambo uli ndi mawu. Pa Thumbi, mwala wokha ukukwanira kufotokoza chifukwa chake palibe denga.

M'mbiri yolembedwa, Thumbi ndi mpanda wa bwalo limene ena anavinirapo. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859, ndipo atabweranso ndi kaboti mu 1861 anatcha malowa Cape Maclear, dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu Okutobala 1875 amishoni a ku Scotland, otsogozedwa ndi E.D. Young ali ndi dotolo wachinyamata Robert Laws, analowa m'nyanja pa kasitima ka nthunzi kotchedwa Ilala. Kasitimako anakaphwasula m'munsi mwa mathithi a Shire, amuna mazanamazana n'kukasenza zidutswazidutswa, n'kukakalumikizanso kumtunda. Mfumu Mponda itawalola, anasankha pa Cape Maclear. Chinawakopa ndi doko: kumbuyo mapiri a Nankumba amatchinga mwera, kutsogolo Thumbi ndi Domwe zimaphwanya mafunde. Anaganizira za sitima, za thupi la munthu n'kuiwala. Malungo anawakhalira pakhosi, Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo manda ake ndi a anzake akadalipo m'tsinde mwa phiri, mkati mwa paki. Pomwe mishoni inkasamukira ku Bandawe mu 1881 n'kuti atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, yemwe anatsala akuyang'anira malowo. Livingstonia imene ana anu amaiwerenga m'mabuku, ya pa phiri la Khondowe, inayamba mu 1894. Yoyamba ndi iyi, ndipo mandawo mudzawaonetse, si patali.

Bata lomwelo linakopanso ndege zotera pamadzi za kampani ya ku Britain ya BOAC, zoyenda pakati pa England ndi Johannesburg, zomwe zinayamba kutera pano mu 1949. Sizinakhalitse, mu 1950 zinasiya.

Koma mbiri ya chilumba chenichenicho ili m'madzi. Nyanja ya Malawi siikhala pa mlingo umodzi. Agogo athu anaona Shire atasiya kutuluka m'nyanja kuyambira mu 1915 mpaka cha m'ma 1935, mchenga ndi bango zitatseka pakamwa pake. Ife mu 2024 tinaona madzi atalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja. Kumeneko n'kusintha kwa mamita owerengeka chabe. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja n'kutulutsa matope akalekale, ndipo matopewo anasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, nthawi zina madzi n'kutsika mamita oposa 500. Taganizani, nyanja yomwe pakuya pake penipeni ndi mamita pafupifupi 700. Mbali yonse ya kummwera, yomwe ndi yosaya, inali chigwa chouma, ndipo Thumbi linali phiri wamba lomwe nyama inkakwera ndi miyendo. Madzi atabwerera anazinga phirilo, nsonga yokha n'kutsala kunja. Matanthwe amene kale ankawombedwa ndi dzuwa anasanduka nyumba za nsomba.

Nsomba zimenezo ndi tija ana anu ankasuzumira. Dzina lake ndi mbuna, mawu a Chitonga amene lero akatswiri a dziko lonse amawatchula momwemo. Kuziona uli m'boti ndi kuziona utavala galasi n'kuviika nkhope m'madzi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tsiku langa loyamba ndinagwira mpweya n'kukakamira mwala ndi dzanja limodzi, ndipo chimene chinandidabwitsa si mawanga ayi koma kutanganidwa. Mwala uliwonse wakutidwa ndi ndere zopyapyala ngati ubweya wa mbewa, ndipo nderezo ndiwo msipu. Nsomba makumimakumi zikudya pamwala umodzi, koma iliyonse ndi chida chakechake. Pali ina, akatswiri amati Labeotropheus fuelleborni, ya mphuno yonenepa ndi kamwa loyang'ana pansi. Imeneyo imameta ndere itagona chafufumimba pamwala, ndiye imatha kudyera pamwamba penipeni pomwe mafunde amakankha zinzake. Pali Petrotilapia, ya milomo yodzadza timano ngati burashi, yomwe imapesa ndere n'kutengamo zomasuka zokha. Pali Tropheops, yomwe imaluma n'kuthothola mogwedeza mutu cham'mbali ngati mbuzi pa tsekera. Ndiye pali wakuba, Genyochromis mento, amene ndere alibe nazo ntchito. Iyeyo amazembera anzake n'kuwabudula mamba ndi zipsepse, ndipo mukaona mbuna ya mchira wong'ambika, kawirikawiri wapalamula ndi ameneyu.

Pansi pang'ono, pomwe mwala umakumana ndi mchenga, mumapeza ena omwe si mbuna. Kaligono amagona cham'mbali pamchenga, thupi lake la mawanga ngati nsomba yowola, kansomba kakabwera kudzalawa mtembo iye n'kukameza. Kampango, yemwe ambiri timangomudziwa ali pa mbale, ndi kholo lodabwitsa. Wamwamuna ndi wamkazi amalondera ana awo limodzi m'chisa cha pakati pa miyala, ndipo mayiyo amatulutsa mazira osaswa kuti anawo adye.

Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Ya banja la chambo ndi mbuna yokha imaposa 700, ena amaifikitsa pa 1,000, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Chifukwa chake china chili m'kamwa mwa mbuna yaikazi. Ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya kwenikweni, mpaka ana ataswa n'kukhwima, kenako imawalavulira m'ming'alu ya miyala yomweyo. Palibe nthawi imene mazira kapena tiana timatengeka ndi madzi kupita kutali. Mbuna imabadwira pamwala, imadyera pamwala, imakwatirana pamwala, imafera pamwala. Mchenga wopanda pobisala imauopa, madzi akuya imawaopanso. Choncho kampata ka mchenga kamene inu mungasambire mphindi zochepa, kwa mbuna zambiri ndi malire a dziko. Onjezaninso kuti yaikazi imasankha mwamuna poyang'ana mtundu wa thupi lake. Gulu likatsekeredwa pa chilumba chake kwa mibadwo zikwizikwi, limayamba kuvala mosiyana ndi abale ake a pa chilumba china, ndipo tsiku lina zikakumana sizizindikirananso. Ndiye chifukwa chake munthu wozolowera atha kuona chithunzi cha mbuna n'kunena kuti iyi ndi ya ku Maleri, iyi ya ku Likoma, monga mmene inu mungadziwire munthu wa ku Nsanje pomva kalankhulidwe kake.

Apa ndi pamene nkhani ya Thumbi imapatukira. Mbuna zitatchuka ku Ulaya ndi ku America pakati pa anthu oweta nsomba m'mabokosi agalasi, panabuka malonda ozigwira zamoyo n'kuzitumiza kunja pa ndege. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ena mwa malondawa ankachitikira pa Cape Maclear. Nsomba zinkagwidwa kumpoto, ku Likoma, ku Nkhata Bay ndi malo ena, n'kubwera nazo kuno, ndipo zina mwa izo zinathiridwa m'madzi a pa Thumbi West. Ulendo wa makilomita mazana, umene mbuna sikanauyenda yokha ngakhale patapita zaka zikwi, inauyenda masiku owerengeka ili m'chidebe. Lero Thumbi West ndi amodzi mwa malo okhala ndi mitundu yambiri ya mbuna pa nyanja yonse, ndipo alendo akamagoma kuti pano ndiye pali chilengedwe chosakhudzidwa, ine ndimangoseka chamumtima, chifukwa zina mwa nsomba zowala kwambiri zomwe akuzijambulazo n'zobwera. Ija ya buluu wowala thupi lonse, Metriaclima callainos, kwawo ndi cha ku Nkhata Bay.

Yomwe akatswiri aitsata kwambiri ndi Cynotilapia afra, kansomba ka buluu ka mizere yakuda yotsika. Dzinalo limachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza galu, chifukwa mano ake ndi osongoka ngati a galu, pomwe mbuna zambiri zodya ndere zili ndi mano a nsonga ziwiri kapena zitatu. Inathiridwa m'ma 1960 pa malo amodzi, pa nsonga ina ya chilumbachi yotchedwa Mitande. Kalembera wamkulu wa nsomba za m'miyala yemwe Anthony Ribbink ndi anzake anasindikiza mu 1983 anaipeza ikadali pomwepo, patapita zaka pafupifupi 20. Pofika mu 2001 inali itafalikira m'mbali zambiri za chilumbacho. Ndipo sinangofalikira. Inapeza mbuna ya pakhomo yofanana nayo maonekedwe, Metriaclima zebra, n'kuyamba kukwatirana nayo, moti Jay Stauffer ndi anzake mu 1996 analemba za nsomba zovala ngati mlendo koma mano ake ali a mwini mudzi. Patsogolo pake gulu la Todd Streelman linapeza kuti afra za kumpoto kwa chilumbachi zayamba kale kusiyana ndi za kummwera, m'magazi ndi m'mizere ya pa chipsepse cha pamsana. Zonsezi m'zaka pafupifupi 40, pa chilumba chomwe boti la injini limachizungulira tiyi asanazizire.

Akatswiri ena amasangalala nazo, amati mwangozi tinapatsidwa mwayi woona ndi maso mmene mitundu yatsopano imayambira. Ndikuwamvetsa, inenso ndaphunzirapo zambiri. Komabe ndimaona kuti tinataya kanthu. Mwala ndi womwewo, ndere ndi zomwezo, ndiye mlendo akachuluka ndiye kuti wina wapanikizika. Ndipo mitundu iwiri ikasakanikirana palibe sefa yoti n'kuilekanitsanso. Mukamaphunzitsa za zamoyo zobwera, ana amathamangira kutchula namasupuni wa mu Shire, wochokera ku South America. Muwauze kuti nsomba ya m'nyanja yomweyi nayo itha kukhala yobwera, ikangosunthidwa kuchoka pa mwala wake.

Lamulo lija munatchula linafika zimenezi zitachitika kale. Paki inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo inali yoyamba pa dziko lapansi kukhazikitsidwa makamaka pofuna kuteteza nsomba za m'madzi opanda mchere. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 94, mbali yaikulu ndi mtunda, ndipo m'madzi imatenga mamita 100 okha kuchokera pagombe la paki ndi la zilumba zake. M'mamita 100 amenewo kusodza n'koletsedwa. Midzi monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo sinasamutsidwe, inatsala yozingidwa ndi paki, ndipo apa ndiye pagona mkangano womwe sunathe mpaka lero. Msodzi akuuzani kuti mbuna alibe nazo ntchito, ndi tinsomba ta minga topanda msika, iye akufuna utaka ndi usipa. Koma utaka umakonda kuunjikana pafupi ndi miyala, ndipo mphepo ikawomba malo abata oponyera chilimira ndi kuseri kwa chilumba. Pamadzi palibe mzere wojambula. Ndakhalapo pamwala usiku ndikuona nyali za kauni, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi kuwala, zikusendera, siginala, yemwe amatsogolera usodziwo, ali chete m'bwato mwake, ndipo sindinathe kumuda munthuyo, poti kunyumba kwake ana akudikira ndiwo. Chimene chimandiopsa ine kuposa chilimira ndi ukonde wa masikito, womwe sumasiya ngakhale kamwana, ndi matope ochokera m'mapiri ometedwa mitengo. Mvula yoyamba ikagwa matopewo amadikha pamiyala n'kukwirira ndere, ndipo madzi akachita mbuu mbuna yaikazi imavutika kuona mtundu wa mwamuna wake.

Tikwere pamtunda tsopano. Munapita mu Okutobala, ndiye munachipeza chilumbacho chili mbee, mitengo yambiri itayoyola masamba. Siyakufa ayi, mudzaione mu Januwale. Pali milambe, migoza ya makungwa osalala, ndi mikuyu yomwe mizu yake imakumbatira thanthwe n'kutsika kufuna mng'alu. Njere za mikuyuyo zimabwera m'mimba mwa mbalame ndi mileme. Pofuna kudziwa nyama zomwe zingapezeke pa chilumba chotere, ana afunseni funso limodzi: ingafike bwanji? Youluka ifika, yosambira ifika, yaing'ono yotha kukakamira chipika choyandama ifika. Zina zonse zimathera pagombe. Ndiye chifukwa chake Domwe, chomwe chinalekana ndi mtunda ndi kampata kopapatiza kotchedwa Ilala Gap, chili ndi nguluwe ndi anyani, pomwe zilumba zotalikira zimakhala za abuluzi ndi mbalame.

Mfumu ya pamiyala ndi ng'anzi. Imakula mpaka mamita awiri, imasambira mchira ukupalasa miyendo itaphatika m'thupi, ndipo siisankha: nkhanu, mazira a mbalame, nsomba yakufa, chilichonse. Tsiku lina ndinasiya nsomba yanga yootcha pathanthwe, nditaikulunga m'pepala, n'kulowa m'madzi kukachotsa chingwe choyezera. Potumphuka ndinangoona mchira ukulowa m'phanga, pepala lili pululu, ine n'kudya chinangwa chokhachokha. Abuluzi a michira ya buluu ndiye ali ponseponse, ana sadzachita kuwafuna. Katumbu amafuna mwayi ndi kulawirira. Mukafika m'bandakucha injini itazimitsidwa, mutha kuona timitu tikutumphuka ndi kumira m'mbali mwa miyala, ndipo ngakhale osamuona, zitosi zake zodzadza zikamba za nkhanu pamwala zimakuuzani kuti anagona pafupi. Mphipi mudzaziona zitaima pamiyala mapiko atatambasula, zikuyanika nthenga zikatha kumira. Kwawo kwenikweni ndi ku Boadzulu, kummwera kwa Monkey Bay, chilumba chomwe miyala yake inayera ndi zitosi moti chimaonekera patali. Nantchengwa nayenso samasowa m'mphepete.

Nkhwazi munaiona kale, koma pali zoti ana aziyang'ana kupatula kutola nsombako. Zimakhala ziwiriziwiri, banja lililonse ndi chigawo chake cha gombe, ndipo yaikulu pa ziwirizo ndi yaikazi, zomwe atsikana a m'kalasi mwanu adzakondwa kumva. Ikamalira imaponya mutu kumbuyo, ngakhale ili m'malere. Chisa chake ndi mulu wa nkhuni pamwamba pa mtengo wautali, chomwe imawonjezera chaka ndi chaka, ndipo imaikira dzira limodzi mpaka atatu n'kufungatira pafupifupi masabata 6. Kunsi kwa zala zake ndi kokhakhala kuti nsomba yoterera isapulumuke. Ikagwira nsomba yolemera kuposa mphamvu zake siitaya, imapalasa ndi mapiko pamadzi mpaka kumtunda. Ndi mbala yotheratu, imalanda nsomba kwa mbalame zinzake. Yaing'ono sikhala ndi mutu woyera, imakhala yamathothomathotho kwa zaka zingapo, moti ambiri amaiyesa mbalame ina. Ndi yomweyi ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu ndi pa mbendera ya Zambia.

Mwina munaona kuti woyendetsa boti anayamba walowetsa kabango m'nsomba ija asanaponye. Amatero kuti iyandame. Za kudyetsa nkhwazi ine sindilimbana nazo kwambiri. Ndi nsomba yomwe imadya kale, ndipo mnyamata amene amapeza ndalama ya sopo poitana nkhwazi sangalole mnzake kugwetsa mtengo wa chisa. Chimene ndimakana ndi buledi amene amanyenyera mbuna kuti ziunjikane pa dzanja la mlendo. Matumbo a mbuna zodya ndere ndi aatali, opangidwira chakudya cholimba chochedwa kugayika, osati ufa wa tirigu, ndipo nsomba yozolowera kuthamangira boti imasiya malo ake pamwala. Mudzamuuze woyendetsa mwaulemu kuti buledi asunge, ana adzaona zambiri akangokhala phee mphindi zisanu.

Pokonza ulendo, pewani miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chifukwa mukangotuluka kuseri kwa mapiri nyanja imasintha nkhope. Seputembala mpaka Novembala madzi amakhala oyera ndi abata. Mwana aliyense avale jekete yoyandamitsa, ngakhale amene akuti amasambira mu Mpamadzi. Za likodzo musazinyozere. Nkhono zofalitsa matendawa zimakonda madzi osaya a pafupi ndi midzi kuposa miyala ya pa chilumba, ndipo kafukufuku wa pa Chembe pomwepo anasonyeza kuti nkhono zinachuluka pomwe nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka. Ana asasewere m'madzi a pagombe la mudzi, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mutabwerako, kapena wina akayamba kukodza magazi, mupite nawo kuchipatala. Mankhwala ake alipo, ndi praziquantel.

Mubwereke magalasi oonera m'madzi ngakhale awiri okha, azisinthana, ndipo mupemphe woyendetsa akufikitseni cha ku Mitande. Ngati mtsikana uja angapezeke nawo, mumuuze ayang'ane pamwamba pang'ono pa miyala, pomwe timagulu ta tinsomba ta buluu ta mizere yakuda timaima m'madzi tikutola tizilombo tosaoneka ndi maso, m'malo mometa ndere ngati tinzake. Timeneto ndi afra, zidzukulu za zija zinabwera m'chidebe kuchokera kumpoto.